Mtengo wa Maple ndi Adyo wa M'thengo: Mau kwa Mafumu ndi Alimi

Mafumu, nyakwawa ndi alimi nonse, tamverani za zomera ziwiri za ku Quebec, m'dziko la Canada.

Akatswiri a zomera apatsa comera ciri conse maina awiri, la mfunda ndi lacelace, monga ticita ife ponena Phiri kapena Banda. Mwambo umenewu unakhazikika ndi buku la Linnaeus, munthu wa ku Sweden, mu 1753. Comera coyamba ndi mtengo waukuru wochedwa maple, wa mfunda wa Acer. Tsamba lace liri pa mbendera ya Canada kuyambira 1965. Caciwiri ndi kathere ka maluwa oyera, ka mfunda wa Allium. Inu muudziwa kale mfunda umenewu, pakuti anyezi ndi adyo wa m'madimba mwanu ali a mfunda womwewo. Kathereka ndi adyo wa m'thengo, ndipo kamera pansi pa mitengo ya maple.

Anthu adya zonse ziwiri, koma katengedwe kace nkosiyana. M'miyezi ya March ndi April, cisanu cikayamba kusungunuka, mlimi aboola kauna kakang'ono pa thunthu la maple, nachera madzi otsekemera. Aphika ndowa ngati 40 kuti apeze ndowa imodzi ya manyuci. Mtengo wosakhwima saubooleratu ai. Ayamba wafika zaka ngati 40. Bala lipola, ndipo mtengo womwewo udyetsa mwana ndi mdzukulu.

Adyo uja alibe mwai wotero. Cokoma cace ciri pansi, tsono munthu azula conse, ndi mizu yomwe. Ndipo akula mocedwa ndithu: kucokera pa mbeu kufikira maluwa oyamba papita zaka 7 kapena kuposa. Masamba ace aoneka masabata owerengeka okha, mitengo isanaphuke ndi kutseka dzuwa. Anthu atayamba kumkumba wa malonda, anasowa m'nkhalango zambiri, mitengo iri ciimire. Cifukwa cace mu 1995 Boma la Quebec linaletsa kumgulitsa, nililola munthu mmodzi kukumba wosapitirira 50 pa caka, wodya yekha.

Musayese kuti maple yense ali pabwino. Mu 2020 akatswiri anawerenga mitundu 158 ya mfunda wa Acer, napeza kuti 36 iri pangozi ya kutha. Koma wa manyuci uja sali m'gulu limenelo, cinkana anthu amboola caka ndi caka.

Tsono ganizani za cikanda, cimene ena ati cinaka, cokumbidwa m'madambo ndi m'mapiri a Malawi ndi Zambia. Naconso cidyedwa ku muzu, ndipo cokumbidwa cafa. Mfumu iona msanga mtengo ukagwa, koma dambo likatha cikanda palibe cimveka. Inu mafumu, gawani dambo, mbali yina ikumbidwe, yina ipume zaka zingapo. Inu okumba, lindani maluwa afote ndi mbeu zigwe, ndipo pa malo ali onse siyani zina m'nthaka, nimukwirire maenje.