Mawu a Mlendo Wolemekezeka kwa Amisiri Omanga Nyumba ku Parklands



Amisiri athu amene mwalandira masatifiketi lero, ambiri mwa inu mumakumba maziko kuno ku Parklands, ku Table View ndi ku Sunningdale. Mukudziwa kuti pansi pano ndi mchenga wokhawokha, ndipo malo ena simukumba patali madzi ayamba kale kudikha m'dzenje. Nthaka yotereyi ili ndi mbiri yake. Pa 4 December 1809 chivomerezi chinagwedeza mzinda uno wa Cape Town. Pafamu ya Jan Biesjes Kraal, cha ku Milnerton, nthaka inang'ambika ndipo nyumba inawonongeka. Ku chigwa cha Blaauwberg madzi amatope anatumphuka mumchenga.

Akatswiri ofufuza za nthaka amatiuza chomwe chimachitika. Mchenga wosatsendereka, wokhuta madzi, ukagwedezeka umasiya kugwirana. Kulemera konse kumatsamira pa madzi aja, ndiye nthaka imasanduka phala. Nyumba imatitimira kapena kupendekeka ngakhale makoma ake akhale olimba chotani. N'chifukwa chake pomanga siteshoni ya magetsi ya Koeberg, mainjiniya anafukula mchenga mpaka kufika pathanthwe, n'kubwezeramo wosakaniza ndi simenti, kenako anakhazika chimangocho pa mphira zochepetsa kugwedezeka.

Abale anga, nkhaniyi ndi yakwathunso. Malawi ali m'chigwa chachikulu cha Rift Valley. Chivomerezi cha ku Salima mu March 1989 chinapha anthu, ndipo cha ku Karonga mu December 2009 chinasiya mabanja ambirimbiri pamtetete. Konseku ndi m'mphepete mwa nyanja, kumene ambiri a ife tikutumiza marandi athu kuti atimangire.

Pempho langa ndi ili: musanagule puloti, funsani ngati sipadambo. Musanathire konkiriti, kumbani dzenje loyesera muone mtundu wa dothi ndi pamene madzi ali. Tsenderani dothi mokwanira, ndipo lintala izungulire nyumba yonse. Ikakhala nyumba yosanja, sukulu kapena tchalitchi, itanani injiniya adzayeze nthaka. Ndalama yoyezera ndi yochepa poyerekeza ndi thukuta limene mwakhetsa kuno.

Achinyamata, kaphunzireni uinjiniya wa nthaka ku UCT kapena ku MUBAS, chifukwa dziko lathu likusowa akatswiri otere.

Amisiri athu, mwatichotsa manyazi. Mulungu adalitse ntchito ya manja anu.