Mbira Zimene Zinatiphunzitsa za Nthenda ya Scurvy

Lero tikamba za scurvy, nthenda imene imagwira munthu wosowa vitamini C m'cakudya cake.

M'caka ca 1907, ku Norway, madokotala awiri, Axel Holst ndi Theodor Frølich, anali kufufuza cimene cinali kudwalitsa anthu ogwira nchito m'zombo za panyanja. Anatenga mbira zoweta, nazipatsa tirigu, buledi ndi madzi basi. Mbirazo zinaonda, zinafooka, ndipo zambiri zinafa patatha pafupifupi mwezi umodzi.

Atazitumbula, anapeza magazi ataundana m'minofu, makamaka pozungulira maondo. Nthiti zinali zitatupa molumikizana mwake, mafupa sanali kucedwa kuthyoka, ndipo mano anali kugwedera. Izi zinafanana ndi zimene zimaoneka mwa munthu wodwala scurvy. Koma mbira zimene anaziwonjezera kabici wamuwisi kapena madzi a mandimu sizinadwale nthendayi.

Nanga cimaonongeka n'ciani m'katimo? M'caka ca 1926, ku Boston, Burt Wolbach ndi Percy Howe anayang'anitsitsa mafupa ndi mano a mbira zodwala, naona kuti thupi laleka kupanga cinthu comanga ziwalo pamodzi. Cinthuco dzina lake ndi kolajeni. Monga dothi ligwira njerwa za cipupa, momwemonso kolajeni amagwira khungu, mafupa, nkhama ndi mitsempha ya magazi. Popanda vitamini C, kolajeni watsopano salimba. Pamenepo timitsempha timang'ambika, nkhama zimacucha magazi, ndipo cironda sicipola.

Galu, mbuzi ndi khoswe sadwala conco, pakuti amadzipangira vitaminiyu m'ciwindi mwao. Mbira yoweta, nyani ndi munthu alibe mphamvu imeneyi: ayenera kumpeza m'cakudya kawirikawiri, popeza thupi silimsunga nthawi yaitali.

Kuno kwathu tili nao magwafa, malalanje, mandimu, mango, malambe ndi ndiwo zamasamba. Koma kumbukirani kuti vitamini C sapirira moto wambiri. Masamba ophikitsa, othira soda kapena cidulo, ndiponso mfutso, amataya wambiri wa iye.

Aphunzitsi, thandizani ana kulemba zipatso zimene zikupsa kwanuko mwezi uno. Ana inu, yankhani m'makope mwanu: cifukwa ninji mbuzi sidwala scurvy, pamene mbira imadwala?

Tsalani bwino, tidzakumananso m'phunziro lotsatira.