Mau a pa Mwambo wa Mphoto za Ophunzira Nchito za Manja



Anyamata ndi asungwana amene akhala pamaso panu lero asankhidwa chifukwa cha luso la manja ao: ena pa ukalipentala, ena pa kumanga, ena pa kusoka. Komiti sinakhulupirire mapepala okha ai. Inatsegula ndi kutseka zitseko zimene iwo anakhoma, niyesa makoma ao ndi chingwe, nitembenuza malaya kuti ione msoko wa m'kati.

Luso lotere si lachilendo m'boma lino la Dedza. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni m'chaka cha 1976, kwatuluka amisiri osema amene nchito zao zakongoletsa matchalitchi a m'dziko muno ndi a kunja komwe. Ndiponso bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa mu 1999, limalandira msonkho wa olemba anthu nchito wothandizira maphunziro a umisiri.

Komatu setifiketi siipala thabwa. Mnyamata wokhoza bwino mayeso, akabwerera kumudzi wopanda sowo ngakhale hamala, amagwira ganyu m'minda ya mbatatesi, ndipo posakhalitsa mumamva kuti wakwera basi ya ku Joni. Chifukwa chache Komiti inakana kugula zikho zongoika pa alumali. Mphoto za chaka chino ndi zida: akalipentala alandira masowo, omanga zipande, osoka masizasi ndi nsaru.

Tsono mamembala amene adzamanga nyumba chilimwe chino ayambe aitana amisiri awa, ndipo awalipire mtengo wonse umene apangana, osadulako ponena kuti ndi ana a pa mudzi pomwe pano.