Matenda ali ndi mwini wake

Kuwerenga: Marko 7:31-37

Pa 5 February 2024 a ku Buckingham Palace analengeza kuti Mfumu Charles III ya ku Britain yapezeka ndi khansa. Mtundu wa khansayo sanautchule. Nthawi yomweyo nkhaniyi inadzaza pa mawailesi akanema. Atolankhani anakaima kunja kwa nyumba yachifumu, ndipo madokotala amene sanamuyezepo wodwalayo anaitanidwa kuti anene zimene akuganiza. Ifenso ku Kabwata, ku Chelstone ndi ku Woodlands tinaonera, n'kumafunsana kuti, kodi ndi khansa ya pati?

Njala yofuna kudziwa matenda a wina tikuidziwa bwino kuno ku Zambia. Mu June 2008 Pulezidenti Levy Mwanawasa anadwala sitiroko ku Egypt, ndipo anawatengera ku chipatala ku Paris. Asanamwalire, wailesi ina ya ku South Africa inalengeza kuti atisiya, mpaka Pulezidenti Thabo Mbeki anapempha anthu kukhala chete powakumbukira. Koma iwo anali moyo, ndipo anamwalira pa 19 August. Taganizani za banja lawo, kumva maliro a bambo amene akupumabe.

N'zoona kuti dziko liyenera kudziwa ngati mtsogoleri wake ali ndi mphamvu zogwirira ntchito. Ndiponso kuulula matenda kumathandiza ena. Mu 1987 a Kenneth Kaunda anauza dziko kuti mwana wawo anamwalira ndi Edzi, pa nthawi imene ambiri ankaopa ngakhale kutchula dzina la matendawo. Koma tione kusiyana kwake: analankhula anali bambo wa mwanayo, pa nthawi imene anasankha okha. Palibe amene anawatsomphola nkhaniyo pakamwa.

Tsono tisaloze chala atolankhani okha. Nafenso tili ndi mawailesi athu: gulu la WhatsApp la mpingo, mpando wakumbuyo mu minibasi, ngakhale msonkhano wa mapemphero. Wina waona mayi wa m'kwaya pamzere ku UTH, kapena akulowa ku Cancer Diseases Hospital. Dzuwa lisanalowe uthenga wazungulira: "Tiyeni tiwapempherere amayi aja, mwaona mmene aondera?" Timati ndi pemphero, koma ndi miseche yovala yunifomu ya mpingo. Zotsatira zake n'zowawa. Ena amaleka kukatenga mankhwala pa chipatala chapafupi poopa kuonedwa. Ena amasiya kubwera ku tchalitchi pa nthawi imene akufunikira abale kwambiri.

Mu ndime yathu, anthu anabweretsa kwa Yesu munthu wosamva ndi wovutika kulankhula. Khamu linalipo, maso onse ali pa iye. Ambuye anayamba amuchotsa pagulupo, napita naye pambali, ndipo kumeneko ndi kumene anamuchiritsa. Asanakhudze makutu ake, anateteza ulemu wake. Munthuyo sanasanduke choonetsa.

Tiyeni titsanzire Ambuye sabata ino. Wodwala akatiuza za matenda ake, timufunse kuti, "Kodi ndiwauze ena, kapena zikhale pakati pathu?" Akakana, tisunge pakamwa. Pagulu tingathe kungonena kuti m'bale wathu akufuna mapemphero. Mulungu safuna kuti timuwerengere khadi la kuchipatala, pakuti thupilo analiumba ndi Iye. Uthenga wa matenda a munthu ukafika pa foni yathu, uthere pomwepo. Ndipo ngati tili ndi chifundo chenicheni, tinyamule phala ndi sopo, tikamuone. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tipemphere. Atate wachifundo, Inu mudziwa ululu wa mfumu ndi wa wogulitsa tomato ku Soweto, ndipo onse ndi amtengo wapatali pamaso panu. Gwirani onse amene agona m'zipatala ndi m'nyumba za mu Lusaka muno. Lamulirani malilime athu ndi zala zathu, kuti odwala apeze mwa ife pobisala. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.