Kukwiya kuli mitundumitundu

Nonse a pagulu pano, a ku Dublin, a ku Joni ndi a ku Lusaka komweko, tamverani. Kuno ku Chongwe tilipo, koma dzuwa la Okutobala latiwotcha. Pepani, uthengawu utalikirapo, mumvetsere mukamaphika.

Achemwali a ku Dublin, munati mwana wabwera kusukulu n'kukuuzani kuti ndinu cantalach, mawu a Chiairishi onena munthu wosachedwa kunyansidwa, ndipo mukakwiya akuti muli crosta. Ndaseka mpaka misozi! Komatu a ku Ireland ndawasirira. Malamulo awo a 1937 anaika Chiairishi patsogolo pa Chingerezi, ndiye ana amachiphunzira kusukulu. Nanga athuwa pa Chinyanja? Amangodziwa "kukwiya" basi.

Bwerani pamjigo pano mtsinje wa Chongwe ukaphwa, mudzaone. Wina amafika, kutula ndowa, osapereka moni, nkhope ili ndwii. Ameneyo ali ndi msunamo. Osamukalipira, mutengereni pambali, mumufunse chamuvuta kunyumba. Wina ukangomudumpha pamzere, waphulika, mawu mpaka kumsewu wa Great East. Ameneyo ndi wamtima wapachala. Mumusiye, pakapita kanthawi adzakupemphani yekha kuti mumusenzetse ndowa. Ndiye pali wong'ung'udza: madzi achepa, mjigo walimba, ana a masiku ano alibe mwambo. Ameneyo ingomuvomerani "eya, amayi", zatha. Woopsa ndi uja amaseka nanu koma wasunga chakukhosi. Mudzakumana pamwambo wa Chakwela Makumbi, pamaso pa Amfumu Nkomeshya Mukamambo II, iye akadakumbukirabe za ndowa ija.

Mwaonatu? Mwana akadziwa mawuwa amadziwanso kuti uyu ndimupepese, uyu ndimufunse, uyu ndimupatse mpata. Akangodziwa "kukwiya" kokha, onse amawathawa, ngakhale agogo ake omwe angochita msunamo chifukwa chomusowa.

Anawo muwachenjezenso za kukalipa. Kuno tikati "nakalipa" ndiye kuti ndakwiya, pomwe kwa abale athu a ku Malawi kukalipa n'kudzudzula munthu mokweza mawu. Apongozi angakhumudwe pachabe.

Ndiye ndikupempha, aliyense atumize mawu a kwawo, Asoli, Ansenga, Achewa, ndi ana a ku Ireland atiphunzitse awo. Muzinena pakamwa, osalemba, timve katchulidwe kake. Magetsi apita, batire yatsala pang'ono. Mupereke moni kwa ana, tsalani bwino.