MLANDU SUOLA, KOMA NGONGOLE IMAOLA

Mawu olankhulidwa kwa atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma ku Thekerani, m'boma la Thyolo



Ndaima pamaso panu lero kuti tikambirane nkhani imene ambiri timaitenga ngati yaing'ono, pamene ikugwetsa anthu akhama m'midzi mwathu. Ndikunena za kuchedwetsa malipiro a eni malonda ang'onoang'ono: mayi amene anapereka nyemba kusukulu yogonera komweko, kalipentala amene anakhoma madesiki, mwini lole amene ananyamula nkhuni kupita nazo kuesiteti, ndiponso mwini golosale amene buku lake ladzaza ndi maina a anthu olandira malipiro pa mwezi. Onsewa ntchito anagwira, katundu anapereka, koma yankho limene amalandira ndi limodzi: mubwere mawa.

Makolo athu anati mlandu suola, ndipo ananena zoona, pakuti choipa sichisanduka chabwino chifukwa cha kupita kwa masiku. Koma ndikupempheni kuti mumvetse chinthu chimodzi: ngongole imaola, ndipo imaola pawiri.

Poyamba imaola ndalama yeniyeniyo. Mu Novembala m'chaka cha 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi ya ku America, imene inali kugulidwa pafupifupi K1,180, inafika pa K1,700. Munthu amene ankayembekeza K1,180,000 m'mwezi wa Okutobala anali ndi ndalama yokwana madola 1,000; atailandira mu Disembala inali yosafika ndi madola 700 omwe. Wokongolayo amati walipira zonse, koma mpamba wa mnzake wadyedwa ndi chiswe.

Kachiwiri imaola m'malamulo. Lamulo loika malire a nthawi yosumira, la Limitation Act, likuti mlandu wochokera pa pangano uyenera kufika kukhoti zisanathe zaka 6 kuyambira tsiku limene ndalamayo inayenera kulipidwa. Zakazo zikatha, wokongola angathe kuuza khoti kuti nthawi inapita, ndipo mwini ndalama amabwerera manja ali m'khosi. Komabe wokongolayo akavomera ngongoleyo polemba ndi kusainira, kapena akalipirako pang'ono, kuwerenga kwa zakazo kumayambanso pamenepo.

Ife a kuno kudziko la tiyi sitifunika kupita kutali kuti tione zipatso za kuchedwetsa malipiro. M'chaka cha 1967 Boma linakhazikitsa bungwe la Smallholder Tea Authority kuti Amalawi a ku Mulanje ndi Thyolo azilima okha tiyi, mbewu imene kale inali ya maesiteti okha. Ntchitoyo inayamba bwino. Koma m'zaka za m'ma 1990 malipiro a masamba anayamba kuchedwa kwa miyezi, alimi anataya chikhulupiriro, ndipo ambiri anatembenukira ku mafakitale a maesiteti. M'chaka cha 2002 bungwelo linathetsedwa ndipo m'malo mwake munabwera kampani ya Smallholder Tea Company. Phunziro lake n'lakuti mlimi angathe kupirira mtengo wochepa kwa kanthawi, koma sangapirire kusadziwa tsiku lolandira, chifukwa wothyola masamba afuna yake madzulo omwewo, ndipo feteleza sadikira.

Tsono munthu wokongoledwa achitenji? Njira zilipo, ndipo ndikufuna kuti inu atsogoleri muzidziwe bwino kuti mukaphunzitse anthu anu.

Njira yoyamba ndi pepala. Pangano la pakamwa nalonso ndi pangano, koma umboni wake ndi wovuta. Wopereka katundu alembe tsiku, kuchuluka kwa katunduyo, mtengo wake ndi tsiku lolipira, ndipo wolandira asainire. Mlimi asunge timapepala ta pasikelo. Wogulitsa ku ofesi ya Boma asatulutse ngakhale thumba limodzi asanalandire chikalata choitanitsira katundu, chimene timachitcha L.P.O., pakuti mawu a bwana pakhonde sakhala m'mabuku a ofesi, ndipo bwanayo akasamutsidwa mawu ake amasamuka naye. Mauthenga a pafoni nawonso asafufutidwe, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola mauthenga otere kukhala umboni.

Njira yachiwiri ndi kalata ya chenjezo. Ikhale yaulemu koma yomveka: ndalama ndi zakuti, zinachokera pa katundu wakuti, zilipidwe pofika tsiku lakuti, apo ayi nkhani ipita kukhoti. Wolembayo asunge kope lake. Ngongole zambiri zimathera pomwepa, makamaka ngati mfumu, bungwe la alimi kapena akuluakulu a msika akhazika pansi mbali zonse ziwiri. Chimene agwirizana pamenepo chilembedwe ndi kusainidwa.

Njira yachitatu ndi khoti la majisitireti. Anthu athu ambiri amaganiza kuti khoti ndi la akuba ndi ambanda okha. Ayi ndithu. Munthu angathe kupita yekha, popanda loya, kwa kalaliki wa khoti, kulipira ndalama yolembetsera ndi kutulutsa samani. Kalalikiyo adzamuuza ngati kukula kwa ngongoleyo kukugwirizana ndi mphamvu za khotilo. Milandu ikuluikulu ya malonda imapita ku nthambi ya zamalonda ya High Court, imene inayamba ntchito m'chaka cha 2007. Wosumiridwa akalandira samani koma osayankha, khoti lingathe kugamula mokomera wodandaula. Lamulo la kagulitsidwe ka katundu, la Sale of Goods Act, limapatsa wogulitsa ufulu wosumira mtengo wa katundu wake, ndiponso, ngati sanagwirizane za ngongole, ufulu wosunga katunduyo kufikira atalipidwa. Posuma, munthu asaiwale kupempha chiongoladzanja cha nthawi imene ndalama yake yakhala m'manja mwa wina.

Njira yachinayi ndi kukwaniritsa chigamulo. Kupambana mlandu si kulandira ndalama. Wogonjayo akapitiriza kuzemba, khoti lingathe kutuma sherifu kukalanda katundu wake ndi kumugulitsa, kapena kulamula banki imene ikusunga ndalama zake kuti ilipire mwini ngongole, kapenanso kuika ndondomeko yolipira pang'onopang'ono. Koma taonani: wolanda ndi sherifu, osati inu. Munthu amene atenga anyamata kukakwatula njinga kapena mbuzi ya wokongola wake amasandutsa mlandu wabwino kukhala woipa, ndipo angathe kugona m'chitokosi iye amene analakwiridwa.

Wokongola akakhala Boma, lamulo likuti munthu ayambe wapereka chidziwitso cholembedwa kwa mlangizi wamkulu wa Boma pa zamalamulo, a Attorney General, ndipo adikire miyezi 3 asanasume. Amene alibe ndalama yolembera loya akafunse thandizo ku Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Amene akuona kuti mapepala ake akungokhalidwa dala mu ofesi angathe kudandaula kwa Ombudsman, ofesi imene inabwera ndi malamulo aakulu a dziko lino a 1994, ngakhale kuti ofesiyo silowa m'malo mwa khoti. Safunsa anadya phula.

Tsopano ndilankhule ndi ife eni ake, chifukwa nkhaniyi ili m'nyumba mwathu. Kodi m'buku la mwini golosale uja muli maina a yani? Kodi vocha ya kalipentala uja yagona pa tebulo la yani? Wogwira ntchito m'Boma amene aitanitsa katundu akudziwa kuti ndalama yake palibe, ameneyo wakongoza Boma manyazi. Amene asunga vocha m'kabati podikira kangachepe wachita katangale, ndipo lamulo la Corrupt Practices Act la 1995 likumudikira. Mtsogoleri wa Chipani amene atenga katundu pa ngongole, nkumayankha kuti "kodi ukundidziwa ine?" akafunsidwa, ameneyo akugwetsa Chipani kuposa mdani aliyense wa kunja. Nsalu ya Chipani si lisiti, ndipo udindo si malipiro.

Tikumbukire kumene anthu athu achokera. Thekerani inatchuka m'dziko lonse chifukwa cha nthochi, kufikira matenda a chisaka anawononga minda. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda, nyumba ndi milatho m'chigawo chino cha kummwera. Munthu amene wadzuka m'mavuto otere nayambanso kabizinesi ndi mpamba wa ku banki m'khonde sayenera kugwetsedwanso ndi ife amene tinalumbira kumutumikira. Iyeyo akachedwa kubweza kugulu, chiongoladzanja chimakwera sabata ndi sabata, pamene ife tikuti abwere mawa.

Choncho ndikukupemphani zinthu zitatu. Mkulu wa ofesi aliyense, pobwerera, atulutse mndandanda wa onse amene ofesi yake ikuyenera kuwalipira, ayambe ndi amene anadikira nthawi yaitali, ndipo amene sangalipidwe msanga auzidwe zoona polemba. Mtsogoleri wa nthambi aliyense aphunzitse anthu ake kusunga mapepala, ndipo asaopseze munthu wopita kukhoti, pakuti kusuma si kuukira Boma koma kugwiritsa ntchito khoti limene Boma linamanga. Ndipo aliyense wa ife amene dzina lake lili m'buku la ngongole pamsika pano, mwezi uno ukatha, ayambe wadzera kumeneko asanafike kunyumba.