Nthenda Youmitsa Khungu

M'miyezi ya June ndi July, pamene mphepo yozizira iomba pa Lusaka, akazi a ku Kanyama, George ndi Chawama alawirira ku mpope kukatunga madzi. Onse amva cisanu. Koma alipo ena amene zala zao zimayera ngati phulusa, kenaka zida, ndipo magazi pobwerera zipweteka ngati moto. Kwa ambiri cimeneci sicipitirira. Kwa owerengeka ndico ciyambi ca nthenda imene madotolo aicha scleroderma, ndiko kuti kuuma kwa khungu.

Poyamba zala zitupa. Pambuyo pace khungu liuma, linyezimira, likanika kutsinika. Zala zipindika, ndipo pa nsonga zace patuluka tizilonda tosapola msanga. Pakamwa pacepa. Pa khungu lakuda paoneka mawanga onga mcere wowazika, ndipo apa mpamene anansi alakwa, nati ndi khate. Si khate ai. Mawanga a khate samva kukhudza, koma awa amva. Nthendayi siipatsirana, kumpatula wodwala pa mbale ndi nkhanza cabe.

Imagwira akazi kopambana amuna. Koma amuna a m'migodi acenjere: m'caka ca 1957 Dotolo L. D. Erasmus analemba za anchito a migodi ya golidi ku Joni amene anadwala nthendayi atapuma pfumbi la miyala zaka zambiri. Cifukwa cace munthu amene anagwira nchito pansi ku Kitwe kapena ku Mufulira, ngakhale tsopano apumula ku Matero, auze dotolo za nchito yace yakale.

Coopsa ceni-ceni ciri m'kati. Mmero uuma, nsima ikakamira, cifuwa citentha usiku. Mapapo auma, munthu apuma mobvutika pa citunda cacing'ono. Impso zikhoza kuonongeka m'masiku ocepa, magazi atathamanga kwambiri. Kale ambiri anafa motero, koma mankhwala onga captopril apulumutsa ambiri akaperekedwa msanga.

Mankhwala ocotseratu nthendayi kulibe, ndipo sing'anga wotema mphini pa khungu louma angoonjezera zilonda. Cithandizo ciripo ku University Teaching Hospital: nifedipine wa zala, omeprazole wa cifuwa cotentha, ndi mankhwala ocedwetsa kuuma kwa mapapo. Kunyumba wodwala afunditse manja, acape ndi madzi ofunda, adzole mafuta, aongole zala tsiku ndi tsiku, adye pang'ono-pang'ono, nakweze kumutu kwa kama. Fodya asiyiretu. Mutu ukayamba kuwawa kolimba, kapena maso kucita cidima, apite kukapimitsa magazi tsiku lomwelo.